Masiku Atatu ku Yabelo

Ananditumira mjigo, osati mbalame.
Kalata ya a Wondimu sinapite m'mbali:
pampu ya sola yaleka kukoka madzi,
masiku atatu, malisiti onse ubwere nawo.
Koma m'chikwama, pansi pa masipanala,
ndinakulunga m'sokosi magalasi oonera patali
aja anandisiyira malemu amalume,
amene diso lake lamanzere
limaonetsa dziko ngati lili m'nkhungu.

Tinanyamuka ku Addis Ababa m'bandakucha,
tinafika nyali zitayaka,
miyendo itachita dzanzi, fumbi lofiira lili m'mano.
Galgalo, dalaivala, anafa nalo phwete.
"Kaka? Mtunda wonsewu mukudzaona kaka?
Imeneyo imatola mphutsi m'ndowe
kuseri kwa khola la amayi anga."
Ndinati akuti padziko lonse imapezeka kuno kokha.
Iye anati, "Nanenso ndimapezeka kuno kokha,
koma palibe anandibwererapo ndi magalasi."

Tsiku loyamba linathera m'mawaya.
Makoswe anali atatafuna zonse, osasiyako ndi ulemu womwe.
Chinachake chinalira m'mitengo yaminga kumbuyo kwangako,
ine mutu uli m'bokosi la magetsi,
sikuludiraiva ili kukamwa.
Pomatembenuka n'kuti nthambi yokha ikugwedera.

Lachiwiri tinadikira chitsulo chochokera ku Hawassa.
Nthawi inalipo, yambirimbiri.
Koma zigubu zachikasu zinali zitandanda mpaka pachulu,
amayi atakhala pa izo, chete,
maso onse pampopi wouma,
ngamila zikubzikula pamthunzi wosakwana.
Ungaloze bwanji magalasi kumwamba
anthu akuyang'ana manja ako?
Ndinawasiya m'galimoto.
Madzulo namzeze wina anadutsa pamwamba pa chulu chachitali,
mchira wake ngati woyera, kapena linali dzuwa,
sindingalumbire.

Usiku ku nyumba ya alendo jenereta inazima.
Ndinagona n'kumawerenga maola otsala
monga amawerengera makobidi munthu wa ngongole.

Lachitatu, nthawi itangopitirira teni,
paipi inatsokomola, inalavula dzimbiri,
kenaka madzi, phwaa!
Nthungululu, zigubu kugundana, mwana wina kugwa m'matope.
Ine manja bii ndi girisi, bawuti yomaliza isanalimbe,
kamtsikana kabusa wa mbuzi, Talaso,
kanandikoka malaya, n'kuloza ndi mlomo.

Zinali zisanu.
Sizinabwere mouluka, zinabwera wapansi,
monyang'wa, ngati alendo oitanidwa amene achedwa dala,
zotuwa ngati phulusa la dzulo, mapiko akuda,
ndipo kuzungulira diso, khungu lobiriwira
ngati kachidutswa ka thambo kosokereredwa pamenepo.
Ina inagadabuza ndowe youma n'kusuzumira pansi pake.
Ina inamwa pamadzi otayikira, n'kukweza mutu,
n'kundiyang'ana chammbali
monga amandiyang'anira a Wondimu ndikapempha alawansi.

Magalasi anali m'galimoto, mapazi makumi anayi kuchoka apo.
Sindinasunthe.
Ndinaziona ndi maso omwewa, owerengera mamita,
mpaka mbuzi inayetsemula, izo n'kupita.

Pambuyo pake Talaso anabwereka magalasiwo.
Sanafune mbalame ayi.
Anafuna mchimwene wake, kutali uko ndi ng'ombe,
ndipo atamupeza anamukalipira motsitsa mawu
ngati ali pamphuno pake.

Pobwerera, titayenda pang'ono, Galgalo anaimika galimoto.
"Apa ndiye pothera pake. Kutsogoloku simudzaionanso."
Ndinatsika. Panalibe mpanda, panalibe mtsinje,
minga yomweyo, dothi lomwelo, uku ndi uku.
Ndinamufunsa chimene chimaziletsa.
Anangokweza mapewa. "Inu chimakubwezani ku Addis n'chiyani?"

Lipoti ndinalemba m'galimoto momwemo, zilembo zikudumpha.
Mawaya mamita khumi ndi awiri. Dizilo. Malo ogona.
Pamzere wa "zina zimene mwaona" ndinaimapo nthawi yaitali,
kenaka ndinalemba kuti bokosi lija
lifunika chotchingira makoswe.